A Kambwiri ndi Chisankho Cholemba Pamanja

A Kambwiri anamwalira Lachiwiri lapitali kwawo ku Ntcheu. Uthenga unandipeza ndili pageti la nyumba yosanja imene ndimalondera ku Al Mirqab, kuno ku Doha. Anatumiza ndi mwana wawo wamkazi, mawu ochepa chabe: bambo atisiya m'mawa uno, ndi mtima. Tsiku lonse ndinadikira kuti wina alembe za malirowo pagulu lathu la pafoni, pomwe timalengeza chilichonse, ngakhale chinkhoswe cha mlamu wa munthu. Palibe analemba. Nanenso sindinalembe.

Ndiyambe ndanena chimene chikundidya, kuti musanditenge ngati wolira maliro wamba. Tinalipo alonda asanu ndi mmodzi amene tinamvera a Kambwiri n'kulemba dzina lina papepala. Asanu anakwera kale ndege, mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake cholembedwa bwinobwino. Ndatsala ine, ndipo kontirakiti yanga ikutha mwezi uno. Choncho ndikamawakumbukira mkuluyu, chikondi ndi mkwiyo zimafikira limodzi, ndipo sindinama kuti ndili ndi chimodzi chokha.

Anali dalaivala. Munthu wamtali, woonda, wa imvi zometa mofupikitsa, wa shati yoyera imene sindinaionepo itakwinyika ngakhale m'miyezi imene kutentha kwa kuno kumasungunula munthu. Kwa zaka zoposa khumi ankayendetsa mkulu wina wa ku Japani, injiniya wa za gasi, amene ankakhala m'nyumba yomwe ndimalonderayi. M'mawa uliwonse ankafika kudakali theka la ola, n'kupukuta galimoto yoyera kale, kenako n'kubwera kudzaima pawindo la kanyumba kanga ndi fulasiki ya tiyi wobiriwira wopanda shuga. Tiyiyo ndinamulawa kamodzi kokha. Ankamveka ngati madzi owiritsira chisoso, koma iwo ankamumwa atatsinzina. Kwa bwana wawoyo anatengerakonso kaweramidwe. Popereka moni ankapinda msana pang'ono, manja ali m'mbali, Mngoni wathunthu wa ku Ntcheu, ndipo tikawaseka ankangotiweramiranso.

Dzina lawo lenileni ambiri analiiwala. Tinkawatchula kuti Aphungu, chifukwa pakamwa pawo sipankachoka nkhani za Nyumba ya Malamulo ya ku Japani, osati ya lero, koma ya kale nkhondo yaikulu isanafike. Ku Japaniko sanapondeko. Koma ankanena za zisankho za kumeneko ngati akunena za mlandu wa malire a munda wa amalume awo, mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

Matendawa anawatenga pamsewu. Kuchoka mu Doha kupita kumpoto kumene kuli gasi ndi ulendo wautali, mchenga mbali zonse, ndipo nkhalamba ya ku Japani ija sinkakonda wailesi. Inkakonda kukamba za agogo ake, mwini minda ya mpunga amene ankasonkhanitsira chipani china mavoti m'mudzi mwawo. A Kambwiri anaphunzitsako sukulu ya pulayimale asanagwire chiwongolero, ndiye sankangoti eya bwana. Ankafunsa. Bwanayo ataona kuti wapeza khutu, anawabweretsera buku lachingerezi lonenepa, ndipo iwo ankaliwerenga m'malo oimika magalimoto podikira, chala chikuyenda pansi pa mzere.

Nkhaniyo, monga ankaifotokozera, inkayenda chonchi. Poyamba ankavota ndi olemera okha, okhoma msonkho wambiri. Kenako anatsegulira amuna onse, amayi ayi, koma nthawi yomweyo anakhazikitsa lamulo lomangira munthu chifukwa cha maganizo ake. Apa ankaima kaye n'kutiyang'ana mmodzimmodzi kuti timvetse kuti dzanja lina linapatsa, lina linalanda. Zipani zazikulu zinali ziwiri, zolandizana boma. Chikalowa china, chinkayamba chasintha abwanamkubwa ndi akuluakulu a polisi chisankho chisanafike. M'mudzi wa agogo a bwana wawo munali sitolo ya chipani ichi ndi sitolo ya chipani icho, dokotala wa awa ndi dokotala wa awo, moti nyumba ikayaka anthu ankayamba afunsa kuti mwini wake amavotera ndani asanagwire ndowa. Mwina pamenepa ankathirako mchere, sindikudziwa. Anthu anatopa. Anayamba kunena kuti andale onse ndi mbava. Ndiye asilikali achinyamata atalowa m'nyumba ya nduna yaikulu n'kuiwombera, anthu ambirimbiri analemba makalata opempha kuti anyamatawo awachitire chifundo. Mapeto ake zipani zija zinadzithetsa zokha n'kulowa m'gulu limodzi la mgwirizano, ndipo chisankho chotsatira chinabwera ndi mndandanda wa anthu amene boma linawavomereza. Panthawiyo nkhondo inali itayaka kale, ndipo sipanatsale woti afunse kuti tikupita kuti.

Phunziro lawo linali limodzi, ndipo ankalibwereza mpaka kutitopetsa. Ankati mbava za ndale sizinkawaopsa kwambiri. Chinkawaopsa ndi anthu abwino amene atopa ndi phokoso, chifukwa munthu wotopa amapereka yekha chimene wachifwamba akanavutika kulanda. Ankatinso ukamva wina akuti tisiye kukangana tikhale amodzi, uyang'ane kaye amene wakhala pampando pamene mawuwo akunenedwa. Za kwathu sankakamba. Kamodzi kokha anandiuza kuti ali mnyamata, nthawi ya chipani chimodzi, anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa analibe khadi, ndipo mchemwali wawo woyembekezera anauzidwa kuti agule awiri. Atanena zimenezo anabwerera msangamsanga ku Japani. Ndinazindikira pambuyo pake kuti dziko lakutalilo linali njira yawo yonenera zinthu zimene pakamwa pawo panakana kuzitchula ndi mayina ake.

Lachisanu madzulo, tikapuma, tinkakumana ku Corniche kukapitidwa mphepo ya kunyanja. Amene ankakonda kuwaputa anali Yohane, mlonda mnzanga wa ku Mulanje, bambo wa ana atatu, munthu wa nthabwala zosatha.

"Aphungu, kuno ndife alendo, sitivota," anatero tsiku lina. "Kwathu akamavota ife tili pa dyute. Ndiye mavoti a azigogo a ku Japani atithandiza chani? Angatikwezere malipiro?"

"Iwe Yohane," anayankha a Kambwiri, "pamene pali anthu atatu ndi mpando umodzi, ndale zayamba kale. Suyenera kukwera ndege kuti uzipeze."

Tinaseka, koma tonse tinadziwa mpando umene ankanena.

Tili ndi kagulu kathu ka Amalawi kuno, ka anthu osapitirira makumi atatu, kothandizana wina akadwala kapena akamwalira. Wapampando wake ndi a Lameki. Sindikufuna kuwanamizira. Munthu akagonekedwa m'chipatala, oyamba kufika ndi iwo. Mnzathu wina atafa ndi ngozi, ndi iwo anayenda maofesi onse mpaka thupi linafika kwawo. Koma a Lameki ndi supavaizanso pakampani imene ambiri a ife timalondera, ndipo ambirife tinabwera kudzera mwa iwo. Ndi iwo amalemba rosita, pepala lonena kuti uyu akalondera apa, uyu apo. Ndiponso mlonda aliyense ali ndi buku lalikulu pageti pake, momwe amalembamo ola lililonse zimene zachitika, m'Chingerezi chathu chothyokathyoka. M'mawa a Lameki amazungulira mageti onse, kuwerenga mabukuwo ndi kusaina. Akhala akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa zaka.

Chaka chilichonse tinkasankha wapampando pabalaza pawo m'dera la Old Airport, pokweza manja. Mungaganize nokha mmene chisankho chotere chimathera. Ndani angakwezere wina dzanja pamaso pa munthu wolemba rosita? Koma chaka chatha Che Amidu, ophika pahotela ina, ochokera ku Machinga, ananena kuti akufuna kupikisana nawo. Dandaulo lawo linali lakuti gulu limathamangira alonda okha, pomwe a m'mahotela ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu akadwala amaonedwa mochedwa. Panabuka mkangano wa masabata angapo. Pafoni panali potentha, anthu anasiya kupatsana moni ku Corniche, ndipo kunena zoona tonse tinatopa nazo.

Ndiye pamsonkhano wina a Lameki anabwera ndi nzeru. Anati zisankho zikutigawanitsa, chikhalirecho ndife ochepa m'dziko la eni. Bwanji tizisiye, pakhale komiti ya akuluakulu yoti izingotipatsa mayina a atsogoleri, ife n'kuvomereza mwamtendere? Mitu yambiri inagwedera, wanga womwe.

A Kambwiri anaimirira pang'onopang'ono, nkhope itasintha ngati aona njoka m'nyumba.

"A Lameki, mawu amenewo ndinawamvapo kale," anatero, "ndipo ndikudziwa kumene amakathera. Chisankho chichitike. Koma chisakhale cha manja. Chikhale cha pepala, chachinsinsi, munthu aliyense payekha."

Anakangana nthawi yaitali, a Lameki akuti kuno si ku Japani, a Kambwiri akuti ngakhale ku Japaniko ankanena kuti kuno si kwina. Pofuna kuthandiza, ine ndinati ndikhoza kusindikiza mapepala okhala ndi mayina awiriwo, munthu azingochonga. Mpaka lero ndimafuna ndikanaumirira. A Kambwiri anakana kwamtuwagalu. Anati ku Japani, kuyambira kalelo mpaka pano, wovota amalemba yekha dzina la munthu amene akumufuna, ndi dzanja lake. Kuchonga aliyense akhoza kukuchongera, ankatero, koma wolemba dzina amakhala waganiza, ndipo voti yoteroyo ndi yake ndithu. Unali mwambo umodzi wa kumeneko umene ankaukonda ndi mtima wonse, ndipo akakonda chinthu, mkuluyu anali wamakani ngati bulu.

Chodabwitsa n'chakuti a Lameki, amene anakana zonse mpaka pamenepo, anangomwetulira.

"Mafi mushkila, palibe vuto," anatero. "Aphungu anena, khalas, nkhani yatha. Aliyense alembe ndi dzanja lake."

Ndikanakhala wanzeru ndikanayamba kuopa pomwepo.

Sabata imeneyo a Kambwiri anayenda m'mageti mwathu ngati m'busa woyendera nkhosa. Sankatiuza woti timuvotere. Ankangoti tisaope, tilembe chimene chili mumtima, palibe adzadziwe. Pawindo langa anandiuza kuti pepala lilibe pakamwa. Ndinawakhulupirira, chifukwa munthu amene anawerenga buku lonenepa chonchija ndinkati sangaphonye.

Tsikulo linali Lachisanu masana. A Kambwiri anabwera ndi katoni yaing'ono atabowola pamwamba, ndi timapepala timene anadula okha ndi lula, tofanana ndendende. Aliyense ankalowa yekha kukhitchini, kulemba, kupinda, n'kudzaponya. Ine ndinalemba Amidu, ndipo potuluka ndinamva kukoma kwina kumene ndinali ndisanakumvepo chibwerere kuno. Powerenga, a Lameki anapambana bwino lomwe. Che Amidu anapeza khumi ndi imodzi. Koma masamu ake anali osavuta. A m'mahotela ndi m'nyumba amene anabwera anali anayi, kuphatikiza a Kambwiri asanu. Mavoti asanu ndi imodzi otsalawo anachokera kwa alonda, ndipo aliyense m'chipindamo anawerengera chamumtima.

A Kambwiri sanaone chilichonse. Anali osangalala ngati apambana ndi iwo. Anawagwira chanza a Lameki, n'kuwaweramira, n'kunena kuti kugonja koyera kumaposa kupambana kwa mantha. Kenako anapempha kuti mapepalawo atenthedwe.

"Moto mu fulati?" anatero a Lameki akuseka. "Mukufuna alamu ilire, apolisi atipeze tili chigulu chonchi? Ayi bambo, ndisunga mu fayilo, for record."

Anthu anaseka nawo. A Lameki anasonkhanitsa timapepala tija, kutisalaza ndi chikhatho, n'kutiika mu envelopu ya khaki.

Patatha masabata atatu, rosita inatuluka Yohane atachotsedwa pageti la ofesi n'kuponyedwa kuchipululu, kumalo osungirako mapaipi, kopanda mthunzi ngakhale wa mtengo umodzi. Tinati zimachitika. Kenako kunabwera lipoti lakuti anapezeka akugona pa ntchito, kenako lachiwiri, kenako tikiti. Tinamuperekeza akuyesabe kuseka, akuti bola akadye nanazi za kwawo. Mwezi wotsatira wina anauzidwa kuti kontirakiti yake saiwonjezera. Wachitatu anamupeza ndi mlandu wa yunifolomu. Palibe anakalipiridwa, palibe anafunsidwa za chisankho. A Lameki ankawaperekeza okha kubwalo la ndege, kuwanyamulira ndi zikwama zomwe.

Ine ndinadziwa m'mawa wina, atabwera kudzasaina buku langa. Anawerenga mofatsa kuposa masiku onse, chala chikutsata mizere.

"Mumalemba bwino, achimwene," anatero osadzutsa mutu. "Zilembo zanu zopendekera kumanzerezi, ngakhale pakati pa anthu handiredi ndingazitole."

Anasaina, kundisisita paphewa, n'kukwera galimoto. Munthu amene amawerenga dzanja la aliyense wa ife m'mawa uliwonse, ife tinamupatsa timapepala tolemba ndi manja omwewo, n'kumati ndi chinsinsi.

A Kambwiri atafika ndi fulasiki yawo, ndinawalankhula mawu amene sindinalankhulepo kwa munthu wa imvi. Ndinawauza zonse, kenako ndinati, "Inu muli ndi Mjapani wanu. Rosita sikukhudzani. Mwatenga mwambo wa eni n'kudzatiwotcha nawo ife, inu muli pamthunzi." Anatseka fulasiki asanamwe, n'kupita kukaima pafupi ndi galimoto, ndipo kanali koyamba kuwaona atatsamira chinthu.

Mawa lake anabwera maso ali ofiira. Anandiuza kuti pamsewu wa kumpoto anawafotokozera bwana wawo zonse. Nkhalamba ija inaulula chimene inali isananenepo. Agogo ake aja ankakhala nawo patebulo lowerengera mavoti ngati woyang'anira, ndipo ankadziwa kalembedwe ka munthu aliyense wobwereka munda kwa iwo, popeza chaka ndi chaka anthuwo ankawalembera zopempha. Wolemba dzina lolakwika sankamukalipira. Ankangodikira kuti akolole, kenako munda n'kupatsa wina. Bwanayo anati mbali imeneyi ankaibisa chifukwa cha manyazi.

"Zaka khumi," anatero a Kambwiri, "ndinamva nkhani yonse kupatula kachidutswa kameneka. Mwina m'buku muja zinalimo. Koma munthu amawerenga zimene wazikonda."

Chimene anachita pambuyo pake ndi chimene ndimawakumbukira nacho kuposa zonse. Pofika msonkhano wotsatira, anayi anali atapita. Tinatsala awiri, ine ndi Fanuwelo, munthu wofatsa wa ku Dedza. Che Amidu ndi anzawo a m'mahotela anali atasiya kale kubwera. A Kambwiri anapempha kulankhula. Tinkayembekezera za Japani, ena anayamba kale kuyang'ana mafoni. M'malo mwake anayenda kufika pakati pa balaza n'kugwada pakapeti, pamaso pa a Lameki, munthu woti akanatha kukhala mwana wawo. Mawondo awo analira.

"A Lameki, wolakwa ndine," anatero. "Anyamatawa anangomvera nkhalamba yopusa. Ndinawalonjeza chinthu chimene sindikanatha kuchisunga. Mpando ndi wanu, mwaupambana bwino, palibe akukulandani. Ndikupempha envelopu ija tiing'ambe pano tonse tikuona, ndipo amene atsala muwasiye alere ana awo. Mukatero simudzamvanso mawu anga."

A Lameki anaoneka odabwa kwambiri, ndipo anachita bwino zedi.

"Envelopu yanji, bambo? Dzukani, mukutichititsa manyazi. Anthu amachotsedwa ndi kampani, osati ine. Ine ndi messenger chabe." Kenako anatembenukira kwa ife. Anati n'zomvetsa chisoni kuti munthu wamkulu, amene anabweretsa magawano m'gulu, tsopano akunamizira wapampando pagulu. Anati komiti yaona kuti ndi bwino a Kambwiri apume kaye pagululi. "Ndipo tibwerere ku chikhalidwe chathu. Zobisabisa zija mwaona nokha kumene zatifikitsa. Amene akugwirizana nazo, dzanja m'mwamba."

Manja anakwera, ena msanga, ena mozengereza. A Lameki sanayang'ane onsewo. Anayang'ana ine. Ndinaganiza za ana anga awiri ndi nyumba yosafolera kwathu, ndipo dzanja langa linakwera. Fanuwelo anasiya ake pamiyendo, akuyang'ana pansi. Mwezi usanathe anali kwawo ku Dedza.

A Kambwiri anali chigwadire pamene a Lameki ankawerenga manjawo. Anayang'ana mozungulira, maso awo anafika pa ine n'kudutsa. Anadzuka movutika atagwira mkono wa sofa, palibe anawathandiza. Anatiweramira tonse monga mwa chizolowezi chawo, n'kupita pakhomo, ndipo tinakhala tikumvetsera mmene ankavalira nsapato, chifukwa anatenga nthawi kumanga zingwe.

Ndinkaganiza kuti sadzabweranso pawindo langa. Anabwera m'mawa wotsatira, nthawi yomweyo, ndi fulasiki yomweyo. Masiku angapo tinkangokamba za kutentha ndi za fumbi. Manyazi ankandidya, ndiye tsiku lina ndinayesa kuwasangalatsa ndi nkhani imene ankaikonda kuposa zonse. Inali ya phungu wina wokalamba, wamng'ono thupi, amene anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ya ku Japani nthawi imene aliyense ankaopa asilikali, n'kufunsa kuti nkhondo imeneyi idzatha liti ndipo anthu akuferanji. Aphungu anzake omwe ndi amene anavota kuti achotsedwe, ochepa okha ndi amene anakana. Koma pachisankho chotsatira anthu a kwawo anamubwezeranso, ngakhale dzina lake silinali pamndandanda wa boma. Ndinati, "Aphungu, mwakhala ngati mnzanu uja."

Anakwiya. Aka kanali koyamba kundikwiyira.

"Usandifanizire ndi munthu ameneyo. Iye analankhula n'kutaya mpando wake. Ine ndinalankhula n'kutaya chakudya cha ana a eni." Kenako anatsitsa mawu. "Dzanja lija unachita bwino kukweza. Akadzatinso kwezani, ukweze. Uli ndi ana. Wamva?"

Pa zonse zimene ndinamva kwa iwo, mawu amenewa ndi amene anandiopsa. Munthu amene kwa zaka ankatilalikira kuti tisamapereke tokha, tsopano ankandiuza kuti ndipereke, ndipo ankanena mochokera pansi pa mtima. Za Japani sanakambenso. Buku lija analisiya m'galimoto mpaka chikuto chinapindika ndi dzuwa. Ndinamva kuti Lachisanu lililonse ankaimbira foni anyamata asanu aja, mmodzimmodzi, kuwafunsa za ana ndi za mvula. Yohane anasiya kuyankha, ndipo iwo ankaimbabe.

Bwana wawo atapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo, a Kambwiri anali atapitirira msinkhu woti wina angawalembe. Tsiku lomaliza anapukuta galimoto ngati masiku onse, ngakhale inali yokabweza. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti anayesa kundipezera malo kukampani ya bwanayo koma zinakanika. Anapepesa. Ine amene ndinawakwezera dzanja sindinapepese, ndipo mpata umenewo sudzabweranso.

Dzulo, Lachisanu, kunali msonkhano ku Old Airport. Nkhope zambiri ndi zatsopano, anthu amene a Lameki abweretsa m'malo mwa amene anapita. Chakumapeto mayi wina wogwira ntchito m'nyumba, amene a Kambwiri anamuthamangitsirapo kuchipatala, anafunsa mwamantha ngati gulu lamva za maliro a ku Ntcheu, ndiponso ngati tingatumize mawu achipepeso. A Lameki anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti imfa ndi yowawa, ngakhale malemuwo sanalinso membala. Anati sangalamule, gulu linene lokha. Amene akufuna titumize chipepeso akweze dzanja.

Aliyense anayang'ana manja a a Lameki. Anali pamaondo. Mayi uja anakweza lake kufika paphewa, n'kuona kuti ali yekha, n'kulibweza ngati akukonza mpango. Langa linali lolemera ngati thumba la simenti. Ndinawamvera a Kambwiri komaliza, ndinalisiya pansi.

Lero m'mawa a Lameki anabwera kudzasaina buku ali ndi bambo wina wovala yunifolomu yatsopano, mizere ya m'paketi ikuonekabe. Anati ndimuonetse pamene timapachika makiyi ndi mmene geti limatsekukira, ndiponso kuti mawa ndikafike ku ofesi ndi chiphaso changa, pali zoti tikambirane pang'ono. Ananena mokoma, akumwetulira. Ndinakweza dzanja powachotsa a Kambwiri, ndinalibisa powalira, ndipo zonsezo zandigulira miyezi yochepa basi.

Ndinamuyendetsa munthuyo malo onse. Tinafika kumbuyo kumene amaimika magalimoto. Fulati ya Mjapani uja sinapeze wolowamo, ndiye malo ake ali chikhalire pakati pa magalimoto awiri akuluakulu. Mphepo ya sabata yatha inaunjika mchenga m'makona, ndipo palibe tayala lapondapo. Pakhoma pali msomali umene a Kambwiri ankapachikapo kansalu kopukutira, ndipo pansi pake penti inachita dontho lakuda chifukwa cha chinyezi cha zaka zonsezo. Mphaka wa m'misewu wapezapo pogona. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira, mpaka mnzangayo anakhosomola.

Anandifunsa ngati malo amenewo ali ndi mwini, kuti adziwe chonena wina akafuna kuimikapo. Ndinamuuza kuti alibe.